Ufumu wa Mecklenburg: ndani ankalowa, ndani ankatsala kunja, nanga unathera pati?

Mu Julayi 2024 bungwe la UNESCO linaika nyumba yachifumu ya mumzinda wa Schwerin, kumpoto kwa Germany, pa mndandanda wa malo amene dziko lonse liyenera kuwasamala. Zithunzi zake zinayenda pa intaneti: chinyumba cha nsanja zosongoka chitakhala pa kachilumba, madzi atachizinga mbali zonse. Ambiri amene anaziona anafunsa kuti, kodi eni ake ali kuti? Paja Germany si ali ndi pulezidenti?

Zoonadi, Germany alibe mfumu chiyambire 1918. M'nyumba ija lero mumakumana aphungu a chigawo cha Mecklenburg-Vorpommern, ndipo zipinda zina amaonetseramo zinthu zakale. Koma banja limene linaimanga linalamulira dera limeneli zaka zoposa 750, ndipo kusiyirana kwawo mpando ndi nkhani yokhotakhota. Nthambi yaikulu, ya eni nyumbayi, inatha mu 2001. Imene yatsala ndi ija malamulo a banja lomwelo anaikankhira kunja.

Grand Duke ndi ndani?

Chisanafike chaka cha 1871 kunalibe dziko limodzi lotchedwa Germany. Kunali maufumu ambirimbiri olankhula Chijeremani, ena aakulu monga Prussia ndi Bavaria, ena aang'ono oti munthu n'kuwadutsa pa kavalo dzuwa lisanalowe. Olamulira ake anali ndi maudindo otsatana. Duke anali mwini dera, wokhala ndi makhoti, misonkho ndi asilikali ake, koma ulemu wake sunkafika pa wa mfumu. Grand Duke ndi Duke wokwezedwa: amaposa ma Duke onse, amapatsidwa ulemu wonga wa ana a mafumu, koma satchedwa mfumu.

Ma Duke a Mecklenburg anakwezedwa chotere mu 1815 pa msonkhano wa ku Vienna, umene unakonzanso malire a ku Ulaya Napoleon atagonja. Maufumu aja atagwirizana kukhala dziko limodzi mu 1871, pansi pa mfumu ya Prussia imene inayamba kutchedwa Kaiser, munali zigawo 25. Mwa izo, 6 zinali za ma Grand Duke: Baden, Hesse, Oldenburg, Saxe-Weimar-Eisenach, ndi ziwiri za banja limodzi, Mecklenburg-Schwerin ndi Mecklenburg-Strelitz. Aliyense anakhalabe pampando wake, kungoti nkhani za nkhondo ndi za maiko akunja zinapita kwa Kaiser. Lero dziko lokhala ndi Grand Duke latsala limodzi, Luxembourg.

Malamulo a mpando

Mchewa akamva kuti ufumu, amadziwa kuti umayenda ndi bele. Mfumu ikamwalira, mbumba imakhala pansi, amayi akuluakulu amanena mawu awo, ndipo kawirikawiri wolowa ndi mwana wa mlongo wa malemuyo, osati mwana wake wobereka. Ufumu wa Mecklenburg unali mbali inayo, kufupi ndi wa Angoni wochoka kwa bambo kupita kwa mwana, koma wouma kuposa pamenepo. Kunalibe kukhala pansi kuti tisankhe wamakhalidwe. Wolowa ankadziwika tsiku lomwe wabadwa.

Choyamba, mpando unkayenda mwa amuna okhaokha. Akatswiri amalitcha lamulo la Salic, potengera malamulo akale a mtundu wa Afranki, olembedwa cha m'ma 500, amene ankati malo a makolo asapite kwa mkazi. Mwana wamkazi sankalowa ufumu, ndipo mwana wake wamwamuna sankalowanso, chifukwa iye ndi wa banja la bambo ake.

Chachiwiri, woyamba kubadwa ndi mzera wake wonse ankakhala patsogolo. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Ngati mwana woyamba wamwalira bambo ake akadali pampando, ufumu supita kwa mng'ono wake, umatsikira kwa mwana wa malemuyo, ngakhale akhale wakhanda. Zinachitikadi ku Schwerin: Friedrich Ludwig, amene ankayembekezeka kulowa, anamwalira mu 1819, ndipo bambo ake Friedrich Franz I atamwalira mu 1837 analowa ndi mdzukulu, Paul Friedrich. Mwana akalowa ali wamng'ono, wina wa abambo ake aang'ono ankagwirizira mpando mpaka akule.

Lamulo lachitatu ndi limene linavuta zinthu, ndipo ndi lachilendo kwambiri kwa ife. Sikunali kokwanira kukhala mwana wa Duke. Mayi ako nawonso ankayenera kukhala ochokera ku banja lolamulira, kapena limene linalamulirapo dera lakelake. Mkazi wa banja lolemera, ngakhale lolemekezeka chotani, ngati makolo ake sanakhalepo pampando, sankawerengedwa wofanana naye. Mwana wachifumu akakwatira mkazi wotere, ukwatiwo unkatchedwa morganatic, kapena kuti ukwati wa dzanja lamanzere, chifukwa pa mwambo wake mwamuna ankapereka dzanja lamanzere m'malo mwa lamanja. Unali ukwati weniweni, wodalitsidwa m'tchalitchi, ndipo ana ake sanali apathengo. Koma mkazi sankatenga dzina ndi ulemu wa mwamuna wake, ndipo anawo analibe gawo pampando. Ankapatsidwa dzina lina ndi udindo wotsikirapo, basi. Panali mpaka buku lotuluka chaka ndi chaka mumzinda wa Gotha, lolemba mabanja onse achifumu m'magulumagulu, ndipo makolo ankalitsegula asanalole chibwenzi.

Cholinga cha malamulo onsewa chinali chomveka: dziko lisagawikegawike, chuma chisatuluke m'banja, ndipo pasapezeke Duke amene amalume ake ndi munthu wamba wa m'dera lake lomwe. Mtengo wake unali wakuti mbadwo uliwonse unkachotsa anthu pamzera, osaonjezerapo.

Kholo lawo sanali Mjeremani

Banja limeneli limawerenga mibadwo yake kuchokera kwa Niklot, mtsogoleri wa Aobotrite, mtundu wa Asilavo umene unkakhala m'mbali mwa nyanja ya Baltic ndipo unali usanalandire Chikhristu. Niklot anafa mu 1160 akumenyana ndi Heinrich, Duke wa Saxony, amene ankamutcha Mkango. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, mu 1167, Heinrich yemweyo anabwezera mwana wa Niklot, Pribislav, gawo lalikulu la dziko la bambo ake, iye atabatizidwa n'kuvomera kukhala pansi pake. Zidzukulu zake zinasanduka Ajeremani pa chilankhulo ndi pa mwambo, koma kholo lawo sizinaliiwale. Pamene Friedrich Franz II ankamanganso nyumba ya Schwerin pakati pa 1845 ndi 1857, anaika chifanizo chachikulu cha Niklot ali pa kavalo pamwamba pa chipata.

Mu 1348 anakwezedwa kukhala ma Duke, ndipo mmodzi wa iwo, Albrecht, anakhalapo mfumu ya Sweden kuyambira 1364 mpaka 1389. M'zaka zimenezo lamulo la woyamba kubadwa linali lisanakhazikike, choncho abale ankagawana dziko. Linagawidwa mu 1229, linalumikizana nthambi zina zitatha, linagawidwanso mu 1621 kukhala Schwerin ndi Güstrow. Pali pangano limodzi la nthawi imeneyo loyenera kulisunga m'mutu: mu 1442, ku Wittstock, anagwirizana kuti amuna onse a banja la Mecklenburg akadzatha, dziko lidzapita kwa olamulira a Brandenburg, amene pambuyo pake anakhala mafumu a Prussia. Ndiye kuti banja lachilendo linaikidwa patsogolo pa ana awo aakazi.

Mkangano wa mwana ndi bambo ake aang'ono

Mu 1695 Gustav Adolf wa ku Güstrow anamwalira wopanda mwana wamwamuna wamoyo. Anthu awiri anaimirira. Friedrich Wilhelm, Duke wa Schwerin, anati iye ndiye mutu wa mzera waukulu, choncho Güstrow ndi yake. Bambo ake aang'ono, Adolf Friedrich, anati iwo ndi a mbadwo wakumtunda, komanso anakwatira mwana wa malemuyo. Anakokana zaka zoposa zisanu, maiko oyandikana nawo akulowererapo, mpaka anasainirana pangano ku Hamburg pa 8 Malichi 1701.

Schwerin inatenga gawo lalikulu. Adolf Friedrich anapatsidwa zidutswa ziwiri zosakhudzana, Stargard kum'mwera chakum'mawa ndi Ratzeburg kumadzulo, dziko la Schwerin lili pakati, ndipo umu ndi momwe Mecklenburg-Strelitz inabadwira. Pangano lomweli linakhazikitsa lamulo la woyamba kubadwa m'nthambi zonse ziwiri, n'kunenanso kuti nthambi imodzi ikadzatha amuna, inzake idzatenga zonse.

Strelitz inali kadziko kakang'ono. Ngakhale pofika 1910 anthu ake anali ongopitirira pang'ono 100,000, pamene Schwerin inali ndi oposa 600,000. Maiko awiriwa anali ndi olamulira awiri koma bwalo la malamulo limodzi, limene linkakumana mosinthana m'matauni a Sternberg ndi Malchin. M'bwalomo simunali aphungu osankhidwa ndi anthu. Munkakhala eni minda ikuluikulu ndi mameya a matauni, motsatira pangano la 1755, ndipo zinakhala choncho mpaka 1918, ngakhale zigawo zina za Germany zinali zitayamba kale zisankho.

Ana aakazi: opanda mpando kwawo, mafumukazi kwa eni

Pano pali chodabwitsa. Ana aakazi amene sankawerengedwa pa mpando wa kwawo ndi amene anatchukitsa banjali. Popeza anali ofanana ndi mafumu pa kubadwa, Achipulotesitanti, komanso ochokera ku dziko laling'ono losaopseza aliyense, mafumu aakulu ankawafuna kwambiri.

Charlotte wa ku Strelitz, wobadwira ku Mirow mu 1744, anafika ku London pa 8 Sepitembala 1761 ali ndi zaka 17, ndipo usiku wa tsiku lomwelo anakwatiwa ndi mfumu ya Britain, George III, mwamuna amene anali asanamuonepo. Anabereka ana 15, ndipo Mfumukazi Victoria ndi mdzukulu wake. Mzinda wa Charlotte ku America uli m'boma lotchedwa Mecklenburg chifukwa cha iye, ndipo duwa lija la ku South Africa looneka ngati mutu wa mbalame, limene timaliona m'mabwalo a mahotela, analitcha Strelitzia pomulemekeza. Mwina munamvapo zoti Charlotte anali ndi magazi a ku Africa. Onena zimenezi amatsata mzera wake mpaka kwa Madragana, mkazi amene anabereka ana ndi mfumu Afonso III ya Portugal zaka pafupifupi 500 Charlotte asanabadwe, komanso amaloza zithunzi zina zojambula pamanja. Akatswiri ambiri a mbiri amati umboniwo ndi wochepa ndipo mtundawo ndi wautali kwambiri.

Luise, mwana wa mchimwene wake wa Charlotte, anakhala mfumukazi ya Prussia, ndipo mwana wake Wilhelm I ndiye Kaiser woyamba. Ku Schwerin nako, Alexandrine anakhala mfumukazi ya Denmark, agogo ake a Margrethe II, ndipo mng'ono wake Cecilie anakwatiwa mu 1905 ndi mwana woyamba wa Kaiser Wilhelm II. Mwamuna mmodzi anayendanso njira yomweyi: Heinrich anakwatira Mfumukazi Wilhelmina ya Netherlands mu 1901, ndipo mafumu a dzikolo mpaka lero ndi zidzukulu zake. Magazi a Niklot sanathe ayi. Chimene chinkatha ndi anthu oyenera mpando malinga ndi malamulo aja.

Febuluwale 1918

Nthambi ya Strelitz ndi imene inayamba kuuma. Grand Duke Georg, amene analamulira kuyambira 1816 mpaka 1860, anasiya ana aamuna awiri. Wamkulu, Friedrich Wilhelm, analowa ufumu. Wamng'ono, Georg August, anakwatira mu 1851 Catherine, wa banja la mafumu a Russia, n'kukakhazikika ku Saint Petersburg. Kuyambira pamenepo kunali a Strelitz a ku Germany ndi a Strelitz a ku Russia.

Mzera wa ku Germany unayenda mwa mwana mmodzimmodzi mpaka kwa Adolf Friedrich V, amene anali ndi anyamata awiri. Wamng'ono, Karl Borwin, anamwalira mu 1908 ali ndi zaka 19. Wamkulu, Adolf Friedrich VI, analowa mu Juni 1914, milungu yochepa nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke. Anali wolemera kwabasi, wosakwatira, ndipo mtima wake unali ku England, kwawo kwa agogo ake aakazi, Augusta, mdzukulu wa George III ndi Charlotte uja. Pa nthawi ya nkhondo ubale wotero unkabala manong'onong'o. Chakumapeto kwa Febuluwale 1918 mtembo wake unapezeka m'ngalande ya madzi pafupi ndi Neustrelitz, likulu la Strelitz, uli ndi bala la chipolopolo. Anali ndi zaka 35. Zinalengezedwa kuti anadzipha, ndipo olemba mbiri amasiyanabe pa chifukwa chake. Anamuika pa kachilumba ku Mirow, osati m'manda a makolo ake m'tchalitchi.

Tsopano mpando ndi wa yani? Alongo ake awiri, Marie ndi Jutta, anali moyo, koma lamulo silinkawaona. Maso anatembenukira ku Russia, kumene Georg August anasiya ana aamuna awiri. Wamkulu, Georg Alexander, anali atamwalira mu 1909. Iye anakwatira mu 1890 Natalia Vanljarskaya, mkazi wa banja lolemekezeka la ku Russia amene ankatumikira mayi ake kunyumba yachifumu. Unali ukwati wa dzanja lamanzere. Natalia anapatsidwa dzina la Carlow, kamudzi ka m'dera la Ratzeburg, ndipo mwana wawo Georg, wobadwa mu 1899, anakula ali wa ku Carlow, wopanda gawo pampando. Akanakhala kuti mayi ake anali mwana wa mfumu, mnyamata wa zaka 18 ameneyu ndiye akanalowa popanda wotsutsa.

Anatsala ndi wamng'ono, Carl Michael. Pa kubadwa analibe banga. Vuto linali lakuti anali mkulu wa asilikali a Russia, dziko limene Germany inali pa nkhondo nalo, anatenga unzika wa Russia mu 1914, ndipo anali atanena kale kuti mpandowo saufuna. Analinso wosakwatira, wa zaka 54. Kungonena pakamwa sikunali kokwanira, pankafunika kalata yotula, ndipo Russia panthawiyo inali pa chipwirikiti cha kugwa kwa ufumu wake.

Friedrich Franz IV wa ku Schwerin anayamba kugwirizira mpando wa Strelitz. Kwa iye pangano la 1701 linali lomveka: nthambi yatha, maiko alumikizane. Anthu a ku Strelitz sanakondwe. Neustrelitz inali tauni yodalira nyumba yachifumu, maofesi a boma ndi malonda obwera nazo, ndipo kulumikizana kukanaisandutsa tauni wamba. Anasainira zikalata zopempha kuti dziko lawo likhalebe palokha. Malemu Adolf Friedrich VI nayenso anali ataganizirapo: mu wilo yake anasiyira chuma chake Christian Ludwig, mwana wachiwiri wa Friedrich Franz IV, ngati angadzakhale Grand Duke wa Strelitz n'kumakhala ku Neustrelitz.

Nkhaniyi sinagamulidwe n'komwe. Mu Novembala 1918 Germany inagonja, asilikali ndi antchito anaukira, Kaiser anathawira ku Netherlands, ndipo pa 14 Novembala Friedrich Franz IV anatula pansi udindo. Kalata ya Carl Michael yokana mpando inafika mu 1919, mpandowo kulibenso. Strelitz inakhalabe chigawo chapachokha, chopanda Grand Duke, mpaka boma la Hitler linailumikiza ndi Schwerin pa 1 Januwale 1934.

Kulowetsa amene anatsekeredwa kunja

Malamulo a dziko a mu 1919 anathetsa mwayi wonse wobadwa nawo. Maudindo achifumu anasanduka mbali ya dzina la munthu, moti "Herzog zu Mecklenburg", kutanthauza Duke wa Mecklenburg, lero ndi dzina la makolo lolembedwa pa chiphaso, osati udindo. Komabe mabanjawa anapitiriza kutsata malamulo awo akale pofuna kudziwa mutu wa banja, ndipo sikuti zinali zongosewera: panali nyumba, nkhalango, minda ndi zikalata zakale zofuna woziyang'anira.

Carl Michael anatuluka mu Russia, anakhala ku Denmark, kenako anabwerera ku Remplin, malo a banja lake ku Mecklenburg. Poona kuti akafa nthambi yatha, mu 1928 anatenga Georg wa ku Carlow, mwana wa mkulu wake uja, kukhala mwana wake mwalamulo. Georg anayamba kutchedwa Duke wa Mecklenburg, ndipo Friedrich Franz IV anavomereza dzinalo mu 1929. Carl Michael anamwalira mu Disembala 1934. Moyo wa Georg sunali wofewa: anali atalowa Chikatolika, boma la Nazi linkamukayikira, nyumba ya Remplin inapsa mu 1940, ndipo mu 1944 anatsekeredwa ku ndende ya Sachsenhausen. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha Mecklenburg inagwa m'manja mwa Soviet Union, minda yonse yoposa mahekitala 100 inalandidwa, ndipo banjali linakakhala kum'mwera chakumadzulo kwa Germany. Mu 1950 a ku Schwerin anatsimikizanso udindo wa Georg n'kumukweza ulemu, dzina la Carlow n'kusiyidwa.

Kodi kuchita zimenezi n'kololedwa? Akatswiri a malamulo achifumu amagawikana. Ena amati kutenga mwana mwalamulo kumapereka dzina ndi chuma, koma sikusintha amene anakubereka, choncho amuna oyenera a Strelitz anatha mu 1934. Ena amati malamulo a banja ndi a banja lomwelo, ndipo amuna onse oyenera akagwirizana angathe kulowetsa nthambi imene inali kunja. Iwowa amaloza ku Baden, kumene zinachitikapo ufumu ukadalipo: ana a Karl Friedrich obadwa mu ukwati wake wachiwiri, wa dzanja lamanzere, analoledwa kulowa mwa lamulo la 1817, maiko aakulu anavomereza, ndipo mmodzi wa iwo, Leopold, anakhala Grand Duke mu 1830. Otsutsa amayankha kuti ku Baden anachita zimenezo wolamulira ali pampando ndi mphamvu zosintha lamulo, zimene munthu wotula kale udindo alibe.

Kunja kwa Germany lamuloli silinkalemera chimodzimodzi. Britain sinalitsate konse. Mfumukazi Mary, agogo ake a Elizabeth II, anachokera ku banja la Teck, lobadwa mu ukwati wa dzanja lamanzere ku Württemberg, ndipo mayi a Prince Philip anali a banja la Battenberg, lobadwa chimodzimodzi ku Hesse. Anthu amene sakanaloledwa kulamulira kadera kakang'ono ku Germany ndi makolo a mfumu Charles III. Nawo a Carlow sanasalidwe mpaka kalekale: mwana wa Georg, Georg Alexander, anakwatira mu 1946 Ilona wa banja la Habsburg, ndipo Georg mwiniwake anakwatira kachiwiri mu 1956 Charlotte, mwana wa Karl, mfumu yomaliza ya Austria.

Momwe Schwerin inathera

Mu 1900 palibe akanaganiza kuti nthambi ya Schwerin ingathe. Friedrich Franz II anakwatira katatu n'kusiya ana aamuna ambiri. Koma tawatsateni mmodzimmodzi. Paul Friedrich anakwatira Mkatolika mu 1881, ndipo mu 1884 anavomera kuti iye ndi ana ake apite kumbuyo kwa ang'ono ake pamzera. N'chifukwa chake mkulu wawo Friedrich Franz III atamwalira mu 1897, kusiya mnyamata wa zaka 15, Friedrich Franz IV uja, wogwirizira mpando mpaka 1901 anali Johann Albrecht, wamng'ono kwa Paul Friedrich. Johann Albrecht ameneyu, amene ankatsogoleranso bungwe lolimbikitsa utsamunda wa Germany, anakwatira kawiri osabereka. Friedrich Wilhelm anamira m'nyanja mu 1897 ali msilikali wa pamadzi. Adolf Friedrich, amene anatsogolera ulendo wofufuza dera la nyanja ya Kivu mu 1907 ndi 1908 n'kukhala bwanamkubwa womaliza wa Ajeremani ku Togo, anabereka mwana mmodzi, wamkazi. Heinrich wa ku Netherlands uja, mu ukwati wake, anaberekanso mmodzi, Juliana. Ana aamuna a Paul Friedrich sanasiye olowa m'malo.

Zonse zinatsamira pa ana aamuna awiri a Friedrich Franz IV, amene anamwalira ku Flensburg mu Novembala 1945. Christian Ludwig, mwana uja wa mu wilo, anagwidwa ndi asilikali a Soviet Union n'kukhala m'ndende zawo mpaka 1953. Atatuluka anakwatira Barbara wa banja la Prussia, anabereka ana aakazi awiri, ndipo anamwalira mu 1996. Mkulu wake, Friedrich Franz, anakwatira koma sanabereke, ndipo atamwalira mu Julayi 2001 mzera wa amuna wa Schwerin, umene unalamulira kuchokera m'nyumba ija ya pachilumba, unathera pomwepo.

Zili ndi ntchito yanji lero?

Pa ndale za Germany, palibe. Boma silizindikira mutu wa banja lililonse lachifumu, ndipo palibe chipani chachikulu chofuna kubwezeretsa mipando. Koma malamulowa ndiwo anajambula malire amene tikuwaona pa mapu. Luxembourg ili payokha lero chifukwa mu 1890 mfumu ya Netherlands, imene inkalamuliranso Luxembourg, inasiya mwana wamkazi yekha, Wilhelmina. Netherlands inamulandira, koma pangano la banja la mfumuyo, la Nassau, linapereka Luxembourg kwa wachibale wamwamuna wakutali. Hanover, ufumu wa ku Germany umene unali ndi mfumu imodzi ndi Britain, inasiyana nayo mu 1837 pa chifukwa chomwechi, Victoria atalowa ufumu ku London.

Maufumu a ku Ulaya amene akadalipo ambiri anasintha. Sweden inayamba mu 1980 kulola woyamba kubadwa kulowa, kaya ndi wamwamuna kapena wamkazi. Netherlands inatsatira mu 1983, Luxembourg mu 2011, ndipo Britain inakhazikitsa lamulo lotere mu 2013. Zoti mkazi wa mfumu akhale mwana wa mfumu zinasiyidwanso. Mabanja a ku Germany amene anataya mipando mu 1918 ndi amene ena mwa iwo akusungabe malamulo akale, mwina chifukwa palibe nyumba ya malamulo yowakakamiza kusintha.

Ku Mecklenburg, Georg anamwalira mu 1963. Mwana wake Georg Alexander anabwerera ku Mirow Germany wakum'mawa ndi wakumadzulo atalumikizananso mu 1990, ndipo anamwalirira komweko mu 1996. Mwana wa Georg Alexander, Borwin, wobadwa mu 1956, ndi amene lero amatchedwa mutu wa banja la Mecklenburg-Strelitz, ndipo iye ndi mbadwa zake zamphongo ndi amene akupitiriza mzera wa amuna wochokera kwa Niklot. Amene amavomereza zimene zinachitika mu 1928, 1929 ndi 1950 amati pangano la Hamburg linagwira ntchito mu 2001, koma mobwerera: Schwerin ndiyo inatha, choncho Borwin ndi mutu wa banja lonse. Amene sazivomereza amati amuna oyenera anatha onse mu 2001, ndipo potsata pangano la Wittstock la 1442 ufulu wa mpandowo unapita kwa mutu wa banja la Prussia. Popeza mpandowo kulibe, palibe khoti la Germany limene lingagamule nkhaniyi.